Kusintha ekizozi ndi kutseka modontha pa Hilux yakale: mmene galaja ya pa Luchenza inagwirira ntchito

Eni ake a mapikapu akale m'maboma a Thyolo ndi Mulanje amafunsana kawirikawiri ngati kuli koyenera kupita ndi galimoto ku Limbe ikayamba kusokosa ekizozi ndi kudontha oyilo, kapena ngati magalaja a kwathu kuno angaikwanitse ntchitoyo. Ndikulemba za galaja ina ya pa Luchenza, kufupi ndi msewu wa M2 mbali yolowera ku Mulanje, kumene ndinakonzetsa Toyota Hilux yanga ya dizilo ya m'zaka za m'ma 1990, yokhala ndi injini ya 3L ya malita 2.8. Maganizo anga ndi akuti ntchito ya pamenepa ndi yodalirika, ndipo chimene chikuwasiyanitsa ndi ena si zida zomwe ali nazo, popeza ndi zochepa, koma khalidwe la mwini galajayo lofuna kupeza gwero la vuto asanamasule bawuti ina iliyonse. Zofooka zilipo, zina mwa izo n'zazikulu ndithu, ndipo ndizitchula pamalo pake.

Galimotoyi imanyamula nthochi, chinanazi, nandolo ndi matumba a feteleza pakati pa midzi ya ku Thyolo ndi misika ya Bvumbwe, Chitakale ndi Limbuli, ndiye kuti nthawi yake yambiri imathera m'misewu ya fumbi ndi matope. Nyengo ya kuno siichitira chifundo chitsulo. Mbali ina ya m'munsi mwa phiri la Mulanje imalandira mvula yoposa mamilimita 2,000 pa chaka, ndipo dzinja likatha, chiperoni cha miyezi ya June ndi July chimanyowetsa zonse usana ndi usiku. Dothi lofiira la m'minda ya tiyi limakanirira pamwamba pa sailensa ndi m'makona a chasisi, n'kumasunga chinyezi kwa masabata ambiri ngakhale kunja kutawala dzuwa. Feteleza wotayikira m'bodi, makamaka urea ndi CAN, amasungunuka ndi madzi a mvula n'kutsikira pansi pa galimoto, ndipo paliponse pamene wadutsa dzimbiri limafulumira.

Komabe ekizozi imawola kwambiri kuyambira m'kati, ndipo izi ndi zomwe eni galimoto ambiri saziganizira. Mafuta akamapsa mu injini amatulutsa nthunzi ya madzi pamodzi ndi utsi. Paipi ikakhala yozizira nthunziyo imasanduka madzi omwe amakhazikika pansi pa sailensa, ndipo akasakanikirana ndi sulfure wa mu dizilo amasanduka asidi wodya chitsulo pang'onopang'ono. Galimoto yoyenda mtunda wautali imatenthetsa paipi yonse mpaka madziwo auma, pamene yoyenda maulendo afupiafupi, yolizidwa m'mawa wozizira n'kuzimitsidwa pamsika wapafupi, imagona ndi madziwo tsiku lililonse. N'chifukwa chake sailensa ya kumbuyo, yomwe ili kutali kwambiri ndi kutentha kwa injini, ndiyo imayamba kubowoka.

Yanga inali itabowoka kunsi, paipi yapakati inali ndi zigamba zowotcherera za zaka zingapo, ndipo labala limodzi lopachikira linali litaduka kotero kuti mbali ya kumbuyo inkagwidwa ndi waya. Phokoso lokha munthu akhoza kulizolowera, koma chimene sichiyenera kuzolowereka ndi utsi wolowa mokhala dalaivala komanso wokwera m'bodi. Mu utsi wa galimoto muli mpweya wa carbon monoxide, womwe suoneka ndipo sununkha, umene umayambitsa mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo ukachuluka umapha. Injini ya dizilo imatulutsa wochepa poyerekeza ndi ya petulo, komabe mwaye ndi mipweya ina ya m'utsi wa dizilo zimawononga mapapo. Kuno mapikapu amanyamula anthu kumbuyo popita kumaliro, kuukwati ndi kuchipatala, ndiye ekizozi yobowoka pansi pa bodi si nkhani ya phokoso chabe ayi.

Mwini galajayo, bambo wachikulire amene amagwira ntchito ndi anyamata angapo ophunzira, anayamba ndi kuikweza galimotoyo padzenje ili yozizira. Anauza mnyamata wina kuti alize injini n'kutseka kumapeto kwa paipi ndi sanza kwa kanthawi kochepa, iwo akuyendetsa dzanja pafupi ndi paipiyo kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo kuti amve pamene mpweya ukutulukira. Pa galimoto ya dizilo ming'alu imadziulula yokha chifukwa mwaye umasiya chizindikiro chakuda mozungulira bowo lililonse. Kenako anatenga kahamala n'kumagogoda paipiyo pang'onopang'ono, ndipo pamene chitsulo chinali cholimba pankamveka kulira kwabwino, pomwe pamalo owola pankangobonyoka. Atamaliza anandiitana kuti nditsike m'dzenjemo ndione ndekha, nati: "Bwana, kuyambira apa kubwerera kumbuyo palibe chogwirapo moto. Tikawotcherera lero, mvula isanathe mubweranso." Mbali ya kutsogolo, yochokera pa manifold (chitsulo chosonkhanitsa utsi wotuluka mu injini), anati ikadali yabwino ndipo palibe chifukwa choitayira.

Ndimaona kuti pamenepa ndi pamene makaniko woona amadziwikira. Kuika chigamba china kukanakhala kotsika mtengo tsiku limenelo, kukanandisangalatsa, ndipo kukanandibweretsanso ndi ndalama zina pakapita miyezi yochepa. Kusintha ekizozi yonse kukanawapatsa phindu lalikulu kuposa kusintha mbali yowola yokha. Iwo anasankha chapakati chifukwa ndi chomwe chitsulocho chinaonetsa.

Ntchito yovuta kwambiri pa ekizozi yakale si kuwotcherera koma kumasula. Manati a polumikizira paipi ndi manifold amakhala atatentha ndi kuzizira kwa zaka zambiri mpaka amamatirirana ndi mabawuti ake, ndipo makaniko wopupuluma akaika chitsulo chachitali pa sipanala n'kukoka mwamphamvu, bawuti imathyokera m'kati. Zikatero ntchito ya maola ochepa imasanduka yobowola ndi kudula mazinga atsopano, mwinanso yochotsa manifold yonse. Gasiketi ya polumikizirapo inali ikutulutsa utsi, choncho panalibe kuchitira mwina koma kumasula. Anathira mafuta ofewetsa dzimbiri madzulo n'kuwasiya usiku wonse, m'mawa mwake anatenthetsa nati iliyonse ndi moto wa gasi mpaka itafiira, kenako n'kumaipotoza pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo kufikira itagonja. Palibe bawuti yomwe inathyoka. Pobwezeretsa anaika gasiketi yatsopano ndi manati atsopano, ndipo anapaka mazinga girisi wopirira kutentha kuti wodzamasula mtsogolo asadzavutike.

Pa nkhani ya paipi yatsopano tinakambirana kwa nthawi yaitali. Owotcherera ena a m'misika amagwiritsa ntchito paipi ya madzi yokutidwa ndi zinki chifukwa imapezeka mosavuta ndipo imaoneka yolimba. Bambowa anaikana pa zifukwa zomveka: ndi yolemera kwambiri moti imadula malabala opachikira ndi kukoka manifold mpaka kuisweka, ndiponso zinki ikamapsa imatulutsa utsi woyera wodwalitsa wowotchererayo. Paipi yosachita dzimbiri ndiyo yabwino koposa, koma mtengo wake sugwirizana ndi galimoto ya zaka pafupifupi 30, ndipo imafuna makina owotcherera omwe galajayi ilibe. Tinagwirizana za paipi ya ekizozi yeniyeni, ya pafupifupi mamilimita 50 m'mimba mwake mofanana ndi yomwe inalipo, pamodzi ndi sailensa yatsopano, zonse zogulidwa m'masitolo a zipangizo za galimoto ku Limbe. Anandichenjeza kuti paipi yocheperapo imatsamwitsa injini, kuichepetsa mphamvu pokwera zitunda za ku Thyolo ndi kuitenthetsa, pomwe yaikulu mopitirira muyeso siionjezera kanthu pa injini yopanda turbo ngati imeneyi kupatula phokoso.

Galajayi ilibe makina opindira paipi, ndipo ichi ndi chofooka chenicheni pa ntchito ya ekizozi. Pamalo pamene paipi imakwera kudumpha ekiselo ya kumbuyo anachita kugula zigongono zopindidwa kale n'kuzilumikiza, zomwe zikutanthauza kuti malo owotcherera ndi ambiri kuposa momwe zikanakhalira pa paipi yopindidwa ndi makina, ndipo dzimbiri limakonda kuyambira pa malo oterowo. Kuwotcherera kwake kokha n'kwaukhondo. Anagwiritsa ntchito gasi m'malo mwa makina a magetsi a ndodo, omwe amabowola chitsulo chopyapyala, ndipo mzere uliwonse unatuluka wosalala, wopanda timabowo. Anayamba amangirira zidutswa zonse ndi timadontho tochepa ili pagalimoto, n'kuonetsetsa kuti paipi yatalikirana ndi thanki ya mafuta, mapaipi a mabuleki ndi chasisi, kenako anaitsitsa kuti awotcherere mozungulira monse ili pansi, chifukwa mbali ya pamwamba siifikirika bwino ili m'malo mwake. Pamene anafunika kuwotcherera chopachikira china pa chasisi ndi makina a magetsi, anayamba achotsa mawaya a batire pofuna kuteteza alternator.

Zinthu ziwiri zazing'ono zinandikhutiritsa kwambiri. Anabowola kabowo kakang'ono kunsi kwa sailensa, pamalo otsikitsitsa, kuti madzi a nthunzi aja azituluka m'malo mogonamo. Anatalikitsanso mapeto a paipi kuti atulukire m'mbali, kuseri kwa tayala la kumbuyo, atapitirira m'mphepete mwa bodi, pofuna kuti utsi usamazungulire n'kubwerera kwa anthu okhala kumbuyo kapena kudetsa katundu. Pomaliza anapaka malo onse owotcherera penti yopirira moto, popeza penti wamba imapsa tsiku lomwelo.

Ekizoziyo sinatuluke yangwiro pa ulendo woyamba. Nditanyamula katundu wolemera pa msewu wa mabampu wolowera ku Thekerani, masipuling'i atapanikizika, paipi inayamba kugunda pa ekiselo. Anaiyeza galimoto ili yopanda katundu, osaganizira kuti pikapu yodzaza imatsika kwambiri kumbuyo. Nditabwerera nayo sanatsutse kapena kunamizira msewu, anadula chopachikira n'kukweza paipiyo, ndipo sanandilipitse kanthu. Ndi bwino kuti anakonza mwaulemu, komabe munthu wodziwa ntchito ngati iwo anayenera kuziona kale, makamaka kudera kumene pikapu iliyonse imanyamula mopitirira.

Mbali ya kudontha ndi imene ndikuiona kuti galajayi ilibe wofanana nayo m'dera lino. Injini yanga inali yakuda ponseponse, oyilo atasakanikirana ndi fumbi kuyambira pamwamba mpaka pa sampu (mbale ya pansi pa injini yosungira oyilo), ndipo amakaniko ena omwe anaiyang'ana kale ankangoloza pansi n'kunena kuti sampu ndiyo ikudontha. Oyilo amatsika, mphepo ya paulendo imamukankhira kumbuyo, ndiye pamene akudonthera pansi kawirikawiri si pamene akutulukira. Bambowa anakana kunena chilichonse injini isanatsukidwe. Anyamata anaitsuka ndi palafini ndi bulashi, ataphimba alternator ndi polowera mpweya, anaiumitsa, kenako anawaza ufa woyera wa choko m'malo onse okayikitsa. Anailiza mpaka itatentha, anayenda nayo pang'ono, n'kuiimika usiku wonse pamwamba pa katoni yoyera. Kutacha, mizere ya oyilo inaonekera bwino pa ufa uja kuyambira pomwe yayambira, ndipo madontho a pakatoni anaonetsa mtundu wa chilichonse: wakuda wa injini, wonunkha kwambiri wa difu (bokosi la magiya la pakati pa matayala a kumbuyo), ndi dizilo wopepuka.

Sampu inapezeka kuti ilibe vuto. Oyilo wambiri ankachokera pa gasiketi ya tappet cover (chivundikiro cha pamwamba pa injini), yomwe inali itauma ndi kusweka, ndipo wina ankachokera pa kapaipi ka labala ka kumbuyo kwa alternator. Pa injini za Toyota za mtundu wa L, pampu yokoka mpweya yothandizira mabuleki imakhala yolumikizidwa kumbuyo kwa alternator, ndipo imalandira oyilo kuchokera mu injini n'kumubwezanso kudzera m'kapaipi. Kapaipi kameneka kakauma kamadontha mwakachetechete, oyilo n'kumalowa mu alternator momwemo mpaka imasiya kutchaja batire. Zonse ziwiri ndi zipangizo zotsika mtengo, ndipo kuzisintha sikunatenge nthawi. Ndinaona kuti poika gasiketi yatsopano anapaka silikoni pang'ono m'makona okha. Anafotokoza kuti silikoni wochuluka amafinyikira m'kati, amaduka tizidutswa, n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo pansi pa injini, ndipo injini zambiri zomwe anaziphwasula zitagogoda anazipeza ndi vuto limeneli.

Kudontha kwachitatu kunali kochepa pa maso koma koopsa kuposa kwina konse. Pansi pa chivundikiro cha lamba wa taimingi panali ponyowa, chizindikiro chakuti silu (mphete ya labala yotchinga oyilo) ya kutsogolo kwa crankshaft yatha. Injini ya 3L imayendetsa camshaft ndi pampu ya dizilo ndi lamba wa labala, ndipo oyilo akamunyowetsa lambayo amafewa, mano ake amathothoka, kapena amaduka mwadzidzidzi. Zikachitika injini ikuyenda, mapisitoni amagunda mavavu, ndipo zowonongeka zake zimaposa mtengo wa ntchito yonse yomwe ndikufotokoza pano. Lambayu amayenera kusinthidwa pakatha makilomita pafupifupi 100,000, koma wonyowa ndi oyilo sayembekezera nthawi imeneyo. Anandilangiza kuti popeza kutsogolo kwa injini kwatsegulidwa kale, tisinthiretu lamba, chomukungira chake ndi silu ya camshaft nthawi imodzi, ndipo ndinavomera. Asanachotse lamba wakale anaika zizindikiro zonse pamalo pake, ndipo ataika watsopano anazungulitsa injini ndi dzanja kawiri kuti atsimikize kuti zizindikirozo zabwerera molondola asanailize.

Sanalekere pa kusintha masilu okha. Anafunsa chifukwa chimene injini inkakankhira oyilo kunja m'malo angapo nthawi imodzi, ndipo anakachipeza pa paipi yopumira ya pamwamba pa injini, yomwe inali itatsekeka ndi phala lakuda la oyilo wakale. Mu injini iliyonse mpweya wina umadutsa m'mbali mwa mapisitoni n'kulowa kumene kumakhala oyilo, ndipo ukasowa potulukira umapanikiza mpaka kudzipezera njira pa silu kapena gasiketi yofooka. Ukaika silu yatsopano osatsegula popumira, nayonso imayamba kudontha posakhalitsa, mwini galimoto n'kumadandaula kuti anamugulitsa yabodza. Anatsuka paipiyo, kenako anatsegula pothirira oyilo injini ikulira kuti aone kuchuluka kwa mpweya wotuluka, ndipo anandiuza mosabisa kuti ma ring a pa mapisitoni ayamba kutha, ngakhale kuti sanafike pofunika kuphwasula injini.

Silu ya kumbuyo kwa injini, pakati pa injini ndi giyabokosi, nayonso ikuchita thukuta pang'ono. Kuti aifikire ayenera kutsitsa giyabokosi ndi kuchotsa kilatchi, ntchito yaikulu chifukwa cha kachipangizo kakang'ono. Malangizo awo anali akuti tiisiye kaye, ndiziyang'ana mlingo wa oyilo m'mawa uliwonse, ndipo idzasinthidwe pamodzi ndi kilatchi nthawi yake ikadzakwana, pokhapokha kilatchiyo itayamba kuterereka kapena madontho atachuluka. Mawu awo anali akuti: "Ndalama imeneyo isungeni, bwana, tidzatsegula kamodzi." Ndikugwirizana nawo, ngakhale ndikudziwa kuti ena angakonde kuti zonse zithe nthawi imodzi. Amene akufuna galimoto yosadontha ngakhale dontho limodzi ayenera kunena zimenezo poyambirira, chifukwa bambowa amayamba aganizira za thumba la mwini galimoto.

Ku difu ya kumbuyo nkhani inali yofanana ndi ya injini. Silu ya pamene pamalumikizana propshaft (chitsulo chachitali chochokera ku giyabokosi) inkadontha, ndipo kopumira kakang'ono ka pamwamba pa ekiselo kanali katamatidwa ndi matope ouma. Difu ikatentha mpweya wa m'kati umafufuma, ndipo ukapanda potulukira umakankha oyilo kudzera m'masilu, nthawi zina mpaka kukanyowetsa mabuleki a kumbuyo, zomwe ndi zoopsa potsika zitunda ndi katundu. Atakhetsa oyilo wakale anatuluka wotuwa ngati tiyi wothira mkaka, umboni wakuti munalowa madzi. Izi zimachitika difu yotentha ikamizidwa mwadzidzidzi powoloka mtsinje, chifukwa ikazizira imayamwa madzi kudzera m'masilu otha. Chichokereni namondwe wa Freddy mu March 2023, yemwe anakokolola milatho yambiri m'Mulanje ndi Phalombe, magalimoto ambiri a kuno akhala akuwoloka m'madzi, ndipo ndikukhulupirira kuti madifu ambiri akuyenda ndi oyilo woteroyo eni ake osadziwa. Asanamasule nati yaikulu ya pa silu anaika chizindikiro ndi kuwerenga mazinga, kuti pobwezeretsa amange mofanana ndi poyamba, popeza kumanga mopitirira kapena moperewera kumawononga mabering'i ndipo difu imayamba kulira. Anathiramo oyilo watsopano wa 80W-90, ndipo mu injini anathira 15W-40 atasintha sefa.

Dizilo ankatayikira pa kapaipi kobwezera mafuta ka pa ma injector, ndipo anasintha mawashala ake. Pampu ya dizilo yeniyeniyo ili ndi chinyezi pang'ono pamwamba, koma anakana kuitsegula, ponena kuti imafuna malo opanda fumbi ndi makina oyezera, ndipo vutolo likadzakula ndidzapite nayo kwa akatswiri a mapampu ku Blantyre. Makaniko wodziwa pamene luso lake lathera ndi wosowa, ndipo kukana kumeneku kunandipatsa chikhulupiriro pa zina zonse zomwe anavomera kuchita. Rediyeta inkachucha pang'ono pa msoko wa pamwamba, ndipo poti ndi yakale ya mkuwa anaimata ndi mtovu, anaitsuka, n'kuika chitsekero chatsopano. Anatsutsa mwamphamvu mchitidwe wothira dzira kapena ufa wa tsabola mu rediyeta, womwe umatseka bowo pamodzi ndi timapaipi toziziritsira, komanso wogwiritsa ntchito madzi a pamjigo okha popanda mankhwala oletsa dzimbiri.

Zofooka zina za galajayi sizikhudza luso koma kayendetsedwe ka ntchito. Samalemba mtengo papepala ntchito isanayambe, amangonena pakamwa, ndipo pamene zofunika zinkawonjezereka ndinkachita kufunsa ndekha kuti tafika pati. Sananame pa chilichonse, malisiti a zipangizo anandipatsa onse pamodzi ndi zakale zomwe anachotsa, koma munthu wosawadziwa akhoza kuda nkhawa, ndipo pangakhale mkangano womwe pepala limodzi likanauletsa. Nthawi nayonso samaisunga. Zipangizo sasunga pamalopo, chilichonse chimachita kutumidwa ku Limbe pa minibasi, ndipo silu imodzi itabwera yosagwirizana ndi injini panapita tsiku lina kudikira yoyenera. Magetsi akazima ntchito ina imaima chifukwa alibe jenereta. Kwa munthu amene pikapu ndiyo imamudyetsa, tsiku lililonse lomwe yagona pagalaja ndi ndalama yotayika, choncho ndi bwino kupita nayo nthawi yomwe zokolola sizili pachimake.

Chimene chinandikhumudwitsa kwambiri ndi kasamalidwe ka oyilo wakale ndi ka anyamata ophunzira ntchito. Palafini ndi oyilo zotsukira injini zinangoyenderera pansi n'kulowa m'ngalande, ndipo kudera la mvula yambiri ngati lino zonsezo zimakathera m'mitsinje momwe anthu amachapa, kuthirira mbewu ndi kumwetsa ziweto. Mgolo umodzi wosungiramo oyilo wakale ukanathetsa vutoli. Ndinaonanso mnyamata wina akugwirizira paipi pamene ankawotcherera ndi magetsi, alibe chotchinga kumaso, akungotembenuza nkhope. Kuwala kumeneko kumaotcha maso, ndipo mwana wa munthu sayenera kuphunzira ntchito motaya maso ake. Ndinawauza bambowo zonse ziwiri, anavomereza kuti n'zoona, ndipo ndikuyembekeza kuti achitapo kanthu.

Sindilemba mitengo pano chifukwa zipangizo za galimoto zimachokera kunja ndipo mitengo yake yakhala ikusintha pafupipafupi, makamaka kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, moti chiwerengero chomwe ndingalembe lero chikhoza kusocheretsa wowerenga pakapita miyezi yochepa. Chomwe ndinganene n'chakuti ndalama yambiri inapita ku zipangizo, makamaka sailensa ndi lamba wa taimingi, pomwe ya ntchito ya manja inali yochepa poyerekeza ndi yomwe magalaja a mumzinda anandiuza. Amalola mwini galimoto kukagula yekha zipangizo, koma amachenjeza kuti masilu ndi malamba abodza, oikidwa m'mabokosi ofanana ndi enieni, ndi ochuluka pamsika. Pa lamba wa taimingi ndi masilu obisika m'kati mwa injini ndi bwino kulipira zambiri pa sitolo yodziwika, popeza ntchito yotsegulanso imadula kuposa kusiyana kwa mitengoyo. Pa malabala opachikira ekizozi ndi mawashala, zotsika mtengo zimagwira ntchito bwinobwino.

Galimotoyi yadutsa dzinja lonse chikonzereni. Ekizozi ili chete, mokhala dalaivala simukumvekanso fungo la utsi, ndipo okwera kumbuyo satsikanso ndi zovala zonunkha dizilo. Oyilo yemwe ndinkawonjezera sabata iliyonse tsopano amafika nthawi yosintha atangotsika pang'ono, ndipo pamene imagona pamapezeka kadontho ka apo ndi apo kochokera ku silu ya kumbuyo ija yokha. Pokayezetsa kuti ipeze COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, oyeza sanapeze chodandaula pa ekizozi kapena pa kudontha. Pa malo owotcherera a pamwamba pa ekiselo penti yayamba kusuluka ndipo kadzimbiri kayamba kuoneka, monga ndinkaopera, choncho ndimatsuka matope a pansi pa galimoto mvula ikagwa ndipo ndidzapakanso penti chilimwe chino.

Ndikulimbikitsa galajayi kwa amene ali ndi Hilux, Isuzu KB, Nissan Hardbody kapena pikapu ina yakale yopanda makompyuta ambiri, makamaka amene atopa ndi kumatitsa silikoni mobwerezabwereza popanda kusintha kulikonse. Amene ali ndi galimoto yatsopano ya common rail, yofuna makina owerengera zolakwika, kapena amene akufuna ekizozi yosachita dzimbiri yopindidwa ndi makina, apite ku Blantyre. Opita pa Luchenza apemphe kuti mtengo ulembedwe papepala ntchito isanayambe, agwirizane za amene akagule zipangizo, ndipo ekizozi ikaikidwa aiyeze galimoto itasenza katundu wolemera ngati yemwe imanyamula masiku onse asanalipire ndalama yomaliza.